Salankhula, koma zonena ali nazo

Komaliza mwana wanga kundiitana kuti mama anali asanakwanitse zaka ziwiri. Pano ali ndi zaka 11, ndi mnyamata wamtali ndithu, nsapato tikuvala saizi imodzi, koma pakamwa pake mawu satuluka. Phokoso limatuluka inde, amang'ung'udza, amaseka mpaka kugwa pansi, akakwiya amakuwa moti maneba onse amadziwa kuti kwavuta, koma mawu oti munthu nkumva kuti apa wati madzi apa wati nsima, ayi. Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti kuno ku Salima tilipo ambiri, ku Chipoka, ku Khombedza, ku Lifuwu, kwathu kuno ku Senga Bay, azimayi amene tikungodikira tsiku lomwe mwana adzatsegule pakamwa, nde poti tikudikira palibenso china chomwe tikuchita. Ine ndinadikira zaka zinayi zathunthu. Zaka zimenezo zimandiwawabe mpaka lero, chifukwa nthawi yonseyo mwanayu zonena anali nazo, ine nde amene sindinamupatse ponenera.

Mwana wanga ali ndi autism. Dzinali ndinalimva koyamba ku Lilongwe ali ndi zaka 6, titatumizidwa kuchokera kuchipatala cha kuno kwathu, ndipo ndinachita kuwapempha adokotala kuti andilembere pa kapepala poti linali lachilendo. Si matenda opatsirana, si misala, komanso palibe jakisoni kapena mankhwala oti mwana amwe nkuchira. Ndi mmene ubongo wake unapangikira basi, ndipo akatswiri amati mbali yaikulu imayenda m'magazi, yochokera kumtundu. Amene anayamba kuzilemba bwinobwino ndi dokotala wina wa ku America, Leo Kanner, mu 1943, atayang'anitsitsa ana 11 amene ankaoneka ngati ali m'dziko laokha, okonda kubwereza chinthu chimodzimodzi, osafuna kuti zinthu zisinthe malo. A WHO, bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, ananenapo kuti mwa ana 100 alionse pa dziko lapansi pafupifupi mmodzi ali ndi autism. Koma ana amenewa safanana ayi. Ena amalankhula bwinobwino mpaka kufika ku yunivesite, ena amangobwereza zomwe amva pa wailesi, nde pali gulu la wangayu, lomwe ofufuza amati ndi 25 mpaka 30 mwa 100 alionse a autism, amene salankhula kapena ali ndi timawu tochepa kwambiri olo atakula. Tangowerengani ana a m'mudzi mwanu mokha muona kuti sitili ochepa, kungoti ambiri ali m'nyumba, otsekeredwa.

Zomwe ndinamva m'zaka zinayi zija sindingazimalize. Ena ankati bambo ake anamukhwimira kuti bwato lizidzaza usipa, mwana wasanduka ndondocha. Ena ankati ndine ndinamusempha ali wakhanda. Apongozi anga, mwachikondi ndithu, anati lilime linamangika pansi tipite akalidule. Chonde amayi anzanga musalole mwana adulidwe ndi lezala pansi pa lilime, vuto la autism silili pa lilime, mungomupweteka nkumusiyira bala. Za katemeranso ndinazimva, poti mawu ake anasowa nthawi yomwe tinkapita kusikelo. Nkhani imeneyo inayambira ku England mu 1998 kwa dokotala wina dzina lake Andrew Wakefield, koma zinadzapezeka kuti kafukufuku wake anali wachinyengo, magazini yomwe inasindikiza inaichotsa nkhaniyo mu 2010 ndipo iyeyo anamulanda chiphaso cha udokotala. Kungoti zizindikiro za autism zimayamba kuonekera pa msinkhu womwewo wa katemera, chaka ndi theka mpaka ziwiri, ndipo ana ena amayamba kaye timawu kenako nkutitaya, ngati wangayu.

Musanathamangire kunena kuti ndi autism, kayezetseni makutu kaye. Mwana wosamva salankhulanso, ndipo ana ambiri amatuluka mafinya m'khutu ife nkumaona ngati zazing'ono. Ku Lilongwe kuli kiliniki ya makutu ku ABC (African Bible College), ku Area 47. Malungo aakulu aja ogwira ubongo, mwana akakomoka nawo masiku angapo, amathanso kumusiya osalankhula. Palinso matenda a khunyu, omwe amapezeka kawirikawiri mwa ana a autism ndipo iwowo mankhwala ake alipo. Wanga makutu anapezeka abwinobwino, pepala la bisiketi likamatsegulidwa amalimva ali kuseri kwa nyumba. Koma zomwe ndifotokoze apazi zimathandiza mwana aliyense wosalankhula, olo chomwe chinayambitsa chikhale china.

Chomwe chinanditengera nthawi kumvetsa nchakuti kumva ndi kulankhula ndi ntchito ziwiri zosiyana. Kuti munthu anene kuti madzi pamafunika ganizo lipeze liwu, liwulo ubongo ulitumize ku milomo, lilime, nsagwada ndi mpweya, zonse zigwire ntchito pa kamphindi kamodzi motsatana bwino. Ife timangochita osaganiza. Kwa ana ambiri ngati wanga penapake pa njira imeneyi pamaduka, nde mawu amatha kulowa koma potulukira palibe. Ena amamva zambiri, ena zochepa, ndipo pongomuyang'ana simungadziwe, nchifukwa chake ine ndinasankha kumalankhula naye ngati akumva zonse. Ndinaphunzira mowawa. Tsiku lina mlendo anandifunsa iye ali pompo kuti "nde ameneyu adzakuthandizani chani", mwana anadzuka nkukalowa kuchipinda, tsiku lonse osadya. Kuonjezera apo pali nkhani ya phokoso. Pa Kamuzu Road paja, mahutala a minibasi, masipika a ogulitsa, njinga zamoto, kutentha kwa Okutobala, kwa iye zonsezi zimalowa nthawi imodzi ndi mphamvu yofanana, palibe chomwe chikusefedwa. Atseka makutu, ayamba kudzigwedeza, anthu ati wayamba misala, pomwe iye akuyesetsa kudzikhazika mtima pansi.

Ndipo asanakhale ndi khadi la chithunzi lolankhulira ndi limodzi lomwe ankalankhula kale, ine nde sindinkawerenga. Kundikoka dzanja nkukaliika pa ndowa, kumeneko kunali kunena. Kutaya mbale, kuluma, kudzimenyetsa mutu kukhoma, kuthawa, zonsezo zinali za munthu amene wayesa njira zina zonse zakanika. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, nanga amene wamva m'mimba koma chitseko sakutha kutsekula atani?

Njira zolankhulira popanda pakamwa amazitchula mwachidule kuti AAC, mukafuna kufufuza pa intaneti lembani zilembo zitatu zomwezo. M'menemo muli zonse, manja, zinthu zenizeni, zithunzi, bolodi la zilembo, mpaka foni kapena tabuleti yoti ukadina chithunzi imatulutsa mawu. Funso lomwe aliyense amandifunsa, bambo ake omwe anafunsa, ndi loti kodi mukamupatsa zithunzi sachita ulesi nkusiyiratu kuyesa kulankhula? Ofufuza anadzifunsanso zomwezo. Mu 2006 Millar, Light ndi Schlosser anasonkhanitsa kafukufuku wa zaka zambiri wa anthu amene anapatsidwa njira zoterezi, sanapeze ndi mmodzi yemwe woti kulankhula kwake kunatsika, ambiri kunakwerako pang'ono. Ndipo nzomveka, kutchula liwu nkwachidule kuposa kufufuza khadi m'buku, mwana woti angathe kunena sangasankhe njira yaitali. Palibenso zoti akule kaye kapena ayambe waonetsa kuti ndi wanzeru, mumayamba lero lomwe ndi zomwe muli nazo.

Ife tinayamba ndi njira yotchedwa PECS, yomwe anaiyambitsa Andy Bondy ndi Lori Frost mu 1985 ku Delaware, ku America. Ganizo lake ndi losavuta, mwana amapereka chithunzi iwe nkumupatsa chinthucho, ngati pa golosale. Poyamba pamafunika anthu awiri. Ine ndinakhala kutsogolo kwake nditagwira chitumbuwa, poti zitumbuwa nde moyo wake, achemwali ake aakulu anakhala kumbuyo. Iye akatambasula dzanja kuti alande, achemwali ake osalankhula kanthu ankalondolera dzanjalo pa khadi, kulinyamula, kuliika m'manja mwanga, ine pompo nkunena kuti "chitumbuwa!" nkumupatsa kachidutswa. Kachidutswa, osati chonse, kuti abwerenso. Tsiku loyamba analira nanenso ndinalira naye, tsiku lachitatu achemwali ake ankangomukhudza pachigongono, sabata isanathe anatola yekha. Kenako umayamba kutalikira, khadi lili pakhonde iwe uli kukhitchini, alitenge akutsatire. Kenako makhadi awiri, la chomwe amakonda ndi la chomwe sachifuna, ndipo akakupatsa la sopo umapereka sopo yemweyo olo ukudziwa kuti amafuna chitumbuwa, kuti aone kuti chithunzi chilichonse chili ndi tanthauzo lake. Masitepe onse alipo 6, chakumapeto mwana amalumikiza makhadi kupanga chiganizo, kuyankha funso ndi kunena zomwe waona.

Zipangizo musadandaule nazo. Makhadi athu oyamba anali a katoni ya sopo, zithunzi ndinajambula pa foni nkukatsukitsa ku situdiyo pa boma, pamwamba nkumata selotepi yaikulu ija kuti asanyowe. Zina sitinajambule nkomwe, tinangodula pepala la Sobo ndi la bisiketi nkumata. Mwana amene zithunzi sakuzimvetsabe yambani naye ndi zinthu zenizeni, kapu ikhale kumwa, supuni kudya, kachidutswa ka bulangete kugona. Ndipo jambulani zinthu zanu zomwe. Pa intaneti pali zithunzi zaulere masauzande, monga za ARASAAC za ku Spain, nzabwino ndithu ndipo zina tinatengako, koma chimbudzi chake ndi chokhalira chamadzi, chakudya ndi maapozi ndi buledi wa nyama pakati, mwana wa ku Senga Bay adziwa bwanji kuti akunena za iye? Chimbudzi chathu chokumba, mjigo wathu, mphika wathu wa nsima, usipa uli pa thandala, kabaza, tchalitchi chathu, agogo ake, zimenezo nde zinagwira.

Koma patapita chaka ndinaona kuti tamusandutsa wopempha basi. Buku lonse linali zakudya zokhazokha. Munthu samangokhalira ndikufuna ichi ndikufuna icho, amakana, amadandaula, amafunsa, amati taonani icho. Apa mpomwe ndinapanga bolodi limodzi la mawu omwe timawagwiritsa ntchito paliponse, ayi, eya, basi, zina, thandizeni, tiyeni, imani, kupweteka, ndatopa, zabwino, zoipa, kuti, ndani. Mawu oterewa ndi ochepa koma ndi amene amadzaza zolankhula zathu tsiku lonse, tadzimverani nokha mmene mumalankhulira pakhomo. Malo ake pa bolodi sasintha, "ayi" ali pakona yakumanzere pamwamba chiyambire, kuti dzanja lizolowere ngati mmene chala chimadziwira pomwe pali batani pa foni olo mumdima.

Chachikulu kuposa bolodilo nchakuti ifenso tizilankhula nalo. Mwana wolankhula amamva Chichewa chaka chathunthu asanatulutse liwu loyamba, ndipo palibe amamuyesa mayeso. Nde wathuyu timupatse bolodi lero, mawa tizimupanikiza kuti loza ichi loza icho? Ayi. Ine ndikamaphika ndimaloza "kutentha" uku ndikunena kuti kwatentha, ndikamaliza kuchapa ndimaloza "basi", ndikapsa ndi mphika ndimaloza "kupweteka". Iye amaoneka ngati sakuyang'ana koma amaonera kumbali kwa diso, patapita miyezi umangodabwa waloza liwu lomwe sunamuphunzitsepo. Ndipo ukamufunsa kanthu, dikira. Ndimawerenga chamumtima mpaka 10, pena mpaka 20, osabwereza funso, chifukwa ukabwereza zimakhala ngati wamubweza poyambira. Kuona maso a nkhono nkudekha, pakhomo pano mwambi umenewu ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Pali kenanso ka Chichewa chathuchi. Mabolodi ambiri a pa intaneti anawapangira Chingerezi, komwe "ine" ndi khadi lake, kufuna khadi lake, kukana khadi lake, nkumazindandalika. Ife sitilankhula choncho. "Ndikufuna" ndi liwu limodzi, "sindikufuna" limodzinso, "andimenya" chimodzimodzi. Nditatsatira bolodi lachingerezi liwu ndi liwu zinkatuluka zoti "ine funa ayi", zomwe palibe munthu pakhomo pano amanena, agogo ake sankazimva nkomwe. Nde ndinapanga "ndikufuna" khadi limodzi, "sindikufuna" lina lofiira, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse ndinalemba liwu lake m'Chichewa ndi zilembo zikuluzikulu kuti mlendo aliyense wodziwa kuwerenga amve, iyenso maso ake azizolowera zilembo.

Khadi la "ayi" linabweretsa mlandu. Kwathu kuno mwana sakana wamkulu, nde tsiku lomwe amalume ake anafuna kumukhazika pamiyendo iye nkuwalozera "ayi", anati mukumuphunzitsa mwano. Ndinawauza kuti achimwene, mwana uyu kale akafuna kukana ankaluma, sankhani. Mpaka lero ndimaima pomwepo. Sikuti "ayi" aliyense amatsatidwa, mankhwala amamwa olo akane, koma ndimamuuza kuti ndamva, wakana, kungoti izi nzofunika.

Za manja tinayesakonso. Ku England kuli njira yotchedwa Makaton yomwe inayamba m'ma 1970, munthu amalankhula pakamwa uku akupanga chizindikiro cha mawu ofunika okha. Kuno chanzeru nkutenga zizindikiro za chinenero chamanja cha ku Malawi konkuno, chomwe a MANAD, bungwe la anthu osamva, amalimbikitsa, ndipo sukulu ya ana osamva ya ku Mua ili pafupi pompa ku Dedza. Ubwino wa manja ndi woti suwaiwala kunyumba ndipo olo m'madzi amagwira ntchito. Wanga anagwira zitatu zokha, kudya, basi ndi chimbudzi, zala zake zimavuta kutsanzira, komanso wogulitsa mandasi pamsewu sazidziwa. Ana ena manja nde amawayanja kuposa zithunzi, ndipo palibe choletsa kuphatikiza.

Za mafoni inde zilipo. App yotulutsa mawu yotchedwa Proloquo2Go inatuluka mu 2009 ndipo kunja ndi yotchuka, koma imafuna iPad kapena iPhone ndi ndalama zomwe ambirife tilibe. Pali zaulere monga Cboard zoti zimatheka pa foni wamba ya Android. App ikamalankhula Chingerezi yang'anani ngati ikulola kuika chithunzi chanu ndi kujambula mawu anu, ife tinapempha msuweni wake wa msinkhu womwewo kuti ajambule, kuti mnyamata asamatuluke mawu a mayi ake. Nkhope yake tsiku lomwe foni inati "ndikufuna madzi" ndi mawu a mnyamata mnzake sindidzaiwala. Koma foni imatha moto, magetsi amazima, mchenga wa kunyanja umalowa paliponse, ndipo pakhomo foni ndi imodzi yomweyo ya geni ndi yolandirira ndalama. Nde buku la makhadi silichoka, limakhala m'kachikwama komwe amakoleka pakhosi, kumsika, kutchalitchi, kusukulu, kulikonse. Ndipo salandidwa ngati chilango olo alakwe chotani, mwana wolankhula akalakwa sitimumata pakamwa.

Phindu lake ndinalionera pa matenda. Asanakhale ndi makhadi anakhalapo milungu itatu akudzimenya kutsaya, osagona, ndinapita naye kuchipatala china, amene anatilandira anangomuyang'ana patali nkunena kuti ana oterewa amatero, anatipatsa mankhwala ogonetsa. Linali dzino lobooka, tinadziwa tsaya litatupa. Chaka chatha m'mawa wina anabwera ndi buku lake, analoza "kupweteka", anatsegula tsamba lomwe pali chithunzi cha thupi la munthu nkuika chala pakhutu. Tsiku lomwelo tinali kuchipatala, khutu linali litayamba kutupa mkati, anatipatsa mankhwala, nkhani inathera pomwepo. Anamwino ndi madokotala amene mukuwerenga, ndikudziwa mzere umakhala wautali ndipo mumatopa, koma funsani mwanayo kaye, muonetseni chomwe mukufuna kumuchita musanamugwire, mupatseni kamphindi. Ine pa buku lake lachipatala ndinamata kapepala kutsogolo, koti salankhula koma amamva, amayankha poloza, amaopa kugwiridwa modzidzimutsa.

Izi sikupempha chifundo ayi, zili m'malamulo. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali la 2006, lomwe Malawi anavomereza mu 2009, limanena poyera kuti kulankhulana si pakamwa pokha, limatchula manja, zilembo za osaona ndi njira zina ngati ndafotokozazi, ndipo limati masukulu azithandiza ana kuziphunzira. Tinali ndi lamulo la anthu aulumali la 2012, pano kuli latsopano la 2024. Aphunzitsi a maphunziro apadera amaphunzitsidwa ku Montfort ku Chiradzulu, makolo tili ndi bungwe lathu la PODCAM, palinso FEDOMA yomwe imasonkhanitsa mabungwe a anthu aulumali. Pa pepala zilipo. Koma kalasi ya ana oposa 100 mphunzitsi mmodzi, nanga atani? Sukulu yoyamba inatibweza, anati abwere akadzayamba kulankhula. Yachiwiri tinapeza aphunzitsi amene analola kuti bolodi likhale pa desiki, anamukhazika pafupi ndi khomo kuti phokoso likachuluka aloze "kunja" atuluke mphindi zingapo, ndipo anzake a m'kalasi anaphunzira bolodilo msanga kuposa akuluakulu tonse. Sipanalowe ndalama ndi tambala yomwe.

Ziwiri zimandisowetsa tulo. Choyamba ndi nyanja. Ana ambiri a autism amachoka pakhomo mwakachetechete ndipo madzi amawakoka, kunja komwe amasunga ziwerengero kumira ndi chimodzi mwa zomwe zimapha ana oterewa kwambiri. Ife nyanja ili pamphuno. Ukamuitana sayankha, nde akasowa timathamangira kaye kugombe tisanayang'ane kwina kulikonse, ndipo asodzi a pa doko lathu onse ndinawauza. Chomwe chinachepetsa kuthawa ndi khadi la "nyanja". Akaloza timayesetsa kupita naye olo mphindi 15, zikavuta ndimamuonetsa pa ndandanda wa zithunzi za tsikulo kuti tidya kaye, kenako nyanja, ndipo zikatero tipitedi, osamunamiza.

Chachiwiri ndi nkhanza. Kafukufuku yemwe anatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2012 anapeza kuti ana aulumali amachitiridwa nkhanza pafupifupi kanayi kuposa anzawo. Wochita zoipa amasankha mwana woti sakanena. Nambala ya 116 yonenerako nkhanza za ana ilipo inde, koma wanga angaimbe bwanji? Nchifukwa chake m'buku mwake muli ziwalo zonse za thupi, zobisika zomwe, muli "wandimenya", "wandigwira", "ndikuopa", ndi zithunzi za anthu onse amene amakhala naye pafupi. Amayi ena kumpingo anati nzolaula. Ine ndinati bola zimenezo.

Pomwepa mpofunikanso kusamala kwambiri, chifukwa mawuwo ayenera kukhala ake. Pa intaneti mudzaona mavidiyo a ana osalankhula akulemba mawu ozama, wamkulu atawagwira dzanja kapena atawanyamulira bolodi la zilembo m'mwamba. Njira yogwira dzanjayi inayambira ku Australia kwa Rosemary Crossley m'ma 1970, Douglas Biklen anadzaifalitsa ku America cha m'ma 1990, makolo analira ndi chimwemwe. Kenako anthu anaiyesa motere, mwana kumuonetsa chithunzi china, womugwira dzanja chithunzi china, osaonerana. Zomwe zinkalembedwa zinali za chithunzi cha wamkulu uja. Sikuti ankanama dala, dzanja lake linkatsogolera iye osadziwa. Mabanja ena anapasuka, makolo kumangidwa pa milandu ya nkhanza yomwe mwana sananene. Bungwe la akatswiri a zamaganizo ku America linaikana njirayi mu 1994, la akatswiri a zolankhula linachenjezanso mu 2018. Makolo amene amaikhulupirira ndimawamvetsa, nanenso ndimalakalaka nditamva kuti amandikonda. Kunonso tili nazo zathu zofanana, munthu kuima pamaso pa mwana nkumati ndaonetsedwa zomwe zili mumtima mwake. Ineyo pena ndimathamanga kumuyankhira kuti "akuti wakhuta" asanaloze nkomwe, achemwali ake amandikumbutsa kuti amayi tamusiyani anene yekha. Kumugwira dzanja sabata yoyamba pophunzitsa ndi zina, cholinga chimakhala choti ulisiye msanga. Alipo anthu a autism osalankhula amene amalemba okha pa kompyuta popanda wowakhudza, nchifukwa chake zilembo timamuphunzitsabe, pano amatha kulemba dzina lake ndi Sobo. Muyeso wanga ndi umodzi, kodi angandiuze chinthu chomwe ine sindikuchidziwa, ngati khutu lija?

Mwezi wa Juni bambo anga anatisiya, agogo ake amene ankakhala naye pakhonde madzulo alionse akusoka ukonde, osalankhulana, awiriwo basi. Pamaliro tinamusiya kwa a neba poopa phokoso ndi chigulu. Patapita masiku anayamba kubwera ndi chithunzi cha agogo, kuchiika m'manja mwanga, nkuloza "kuti". M'mawa, masana, usiku. Ndinafufuza buku lonse, makhadi oposa 200, munalibe ndi limodzi lomwe la imfa, sindinaganizepo kuti lidzafunika. Tinapempha kwa amfumu, ndinapita naye kumanda pamodzi ndi amalume ake, ndinamuuza mmene ndikanamuuzira mwana wina aliyense, kuti agogo anamwalira, thupi lawo lili apa, sabweranso kunyumba. Anakhala pansi pambali pa mtumbira nthawi yaitali akusefa mchenga m'zala mmene amachitira. Kenako anatsegula buku, analoza agogo, analoza "kupweteka", tsamba la thupi lija sanatsegule. Titakhala pang'ono analoza "tiyeni", tinabwerera kunyumba.